Chikho chabwera, koma kalabu ili m'manja mwa ndani?

Funso: Ndine mphunzitsi pasukulu ina ya sekondale, ndipo chaka chino ndapatsidwa udindo woyang'anira makalabu onse a ophunzira. Gulu lathu la zisudzo latenga chikho pampikisano wa masukulu, kwaya yathu yakhala yachiwiri, ndipo ophunzira akhala akupita kukathandiza anthu okhala pafupi ndi sukulu. Aphunzitsi aakulu andiuza kuti ndilembe lipoti la zomwe tapambana kuti likawerengedwe pamsonkhano wa makolo, koma makolo ena akudandaula kuti zimenezi zikudyera ana nthawi yowerenga. Chinanso, makalabu ambiri pano amafa ophunzira a kalasi yomaliza akangochoka. Ndilembe chiyani m'lipotilo, makolo ndiwayankhe bwanji, ndipo nditani kuti makalabu asamafe?

Yankho: Aphunzitsi, ndiyambe ndi kukuyamikirani pa chikhocho, pakuti aliyense amene anakonzekeretsapo ana mpikisano amadziwa thukuta lake. Komabe mafunso anu atatu, ngakhale akuoneka ngati osiyana, onse akutuluka pa funso lina limene simunalifunse, loti kodi ntchito ya m'makalabu amenewa ili m'manja mwa ndani. Ikakhala m'manja mwa aphunzitsi, ana n'kumangochita zimene auzidwa, lipoti lanu lidzangokhala mndandanda wa zikho, makolo adzakhala ndi chifukwa chomveka chodandaulira, ndipo kalabu idzafa tsiku limene mphunzitsi wake adzasamutsidwe kapena ana ake odalirika adzamalize sukulu. Ikakhala m'manja mwa ophunzira, mphunzitsi n'kuima pambali monga mlangizi ndi mtetezi, mavuto atatu onsewo amapepuka pamodzi.

Pa zaka zimene ndakhala ndikuyendera makalabu a m'sukulu ndi kuweruza mipikisano ya zisudzo, ndaona kuti kalabu imadziwika bwino tsiku wamba limene mphunzitsi woyang'anira wachedwa, kuposa tsiku la chionetsero. Pasukulu ina yomwe kabati yake inali yodzaza ndi zikho, ndinafika masana a tsiku loyeserera sewero, mphunzitsi wa zisudzo ali pamsonkhano wa aphunzitsi umene unatalika. Ana oposa 20 anali atakhala pamadesiki akucheza. Nditafunsa chimene sanayambire, anandiyankha mwaulemu kuti kiyi wa chipinda cha zovala anali m'thumba mwa aphunzitsi, pepala la sewero linali kwa aphunzitsi omwewo, ndipo iwo paokha sakanadziwa gawo loyambira. Anadikira pafupifupi ola lathunthu, belu n'kulira, iwo n'kubalalika. Pasukulu ina, yomwe inali isanatengepo chikho ndi kamodzi komwe, ndinapeza zina. Mtsikana wina anatsegula kope lachikuto chong'ambika n'kuyamba kuitana mayina, anyamata awiri anakankhira madesiki kukhoma n'kulemba ndi choko pansi malire a siteji, ndipo kamnyamata ka kalasi yoyamba kanakhala pakona ndi pepala la sewero m'manja, ntchito yake kukumbutsa amene waiwala mawu. Pamene mphunzitsi ankalowa anali atabwereza kale gawo lachiwiri kawiri konse, ndipo anali atagwirana pa mkangano woti kodi mayi wa m'seweromo alire poyera kapena abise misozi. Wina akadandifunsa kuti pa masukulu awiriwa ndi iti imene inali ndi kalabu ya zisudzo, ndikadatchula yachiwiriyo. Yoyamba inali ndi mphunzitsi waluso ndi ana omvera.

Kusiyana kumeneku anakulongosola bwino ndi Roger Hart m'chaka cha 1992, m'kabuku kamene bungwe la UNICEF linasindikiza. Iye anayerekeza kutenga mbali kwa ana ndi makwerero a masitepe 8, ndipo ananena kuti masitepe atatu apansi sayenera kutchedwa kutenga mbali. Pa sitepe yoyamba ana amagwiritsidwa ntchito pa zolinga za akuluakulu osadziwa tanthauzo lake. Pa yachiwiri amakhala chokongoletsa chabe, monga pamene tiwaveka malaya ofanana kuti aimbire alendo pamsonkhano umene sakuudziwa mutu wake. Pa yachitatu amapatsidwa mpando ndi dzina la udindo, koma zimene anganene sizisintha kanthu. Pamwamba penipeni pali ntchito imene ana aiyambitsa okha n'kuitana akuluakulu kuti adzamange nawo mfundo. Sindikunena kuti kalabu iliyonse iyenera kufika pamwambapo chaka choyamba, ndipo pali zinthu zina, monga chitetezo cha ana ndi kasungidwe ka ndalama, zimene mphunzitsi sayenera kuzitula kwa ana. Koma zingakuthandizeni mutatenga makalabu anu imodzi imodzi n'kudzifunsa moona mtima sitepe imene iliyonse yaimapo. Wapampando amene sanaitanitsepo msonkhano payekha akadali pa sitepe yachitatu, ngakhale baji yake inyezimire chotani.

Kalabu siifa chifukwa chakuti ophunzira aluso achoka, popeza kuchoka kwawo kumadziwika kuyambira tsiku limene analowa pasukulu. Imafa chifukwa luso ndi chidziwitso chonse zinali m'mitu mwa ochokawo. Zimayenda motere. Mphunzitsi akufuna kupambana, choncho mbali zikuluzikulu za sewero, mawu otsogolera a kwaya ndi mipando ya komiti amazipereka kwa ana akuluakulu amene sangamuchititse manyazi pagulu. Aang'ono amanyamula mipando ndi kuomba m'manja kwa zaka ziwiri kapena zitatu, ena mpaka kutopa n'kusiya. Akuluakulu aja akalemba mayeso omaliza n'kumapita, otsalawo amapezeka kuti sanaimepo pa siteji, sadziwa kumene zipangizo zimabwerekedwa, sadziwa kalembedwe ka kalata yopempha chilolezo, ndipo mphunzitsi amangoti ana a chaka chino alibe luso. Mukapanda kusamala, kupambana kwanu kwa chaka chino ndi kumene kudzaphe gulu lanu la zisudzo chaka chamawa, chifukwa mtima udzafuna kubwereza njira yomwe yabweretsa chikho.

Mankhwala ake ndi akalekale. Pamene Robert Baden-Powell anachititsa msasa pachilumba cha Brownsea ku England mu Ogasiti 1907, msasa umene unabala gulu la Scout, anagawa anyamata pafupifupi 20 m'timagulu 4, kalikonse kotsogoleredwa ndi mnyamata mnzawo, ndipo gululi likutsatirabe dongosolo limeneli mpaka lero. Nzeru yake ndi yakuti pagulu la anthu 40 amene amaphunzira kutsogolera ndi mmodzi yekha, pamene m'timagulu ta anthu 6 kapena 8 amaphunzira ambiri, ndiponso mwana akajomba anzake amazindikira tsiku lomwelo. Kwaya yanu ili kale ndi magawo, sopulano, alito, tena ndi besi. Gawo lililonse likhale ndi mtsogoleri wake ndi wachiwiri wochokera m'kalasi yotsika, amene azitenga anzake pambali kukawaphunzitsa mawu awo gulu lonse lisanakumane. Ku zisudzo chitani chimodzimodzi ndi olemba sewero, osoka ndi kusunga zovala, okonza siteji ndi ochita sewerolo, ndipo mbali iliyonse yaikulu ikhale ndi mwana wina wamng'ono amene waiphunzira, woti angathe kulowa mwini mbaliyo atadwala.

Nthawi ya chisankho cha komiti ndi imene ambiri amailakwitsa. Akachiika kumapeto kwa chaka, komiti yakale imakhala itatanganidwa ndi mayeso ndipo imachoka osasiyira anzawo kalikonse koma dzina. Chisankho chichitike pakati pa chaka, kuti akale akhale ndi teremu yathunthu yoyenda pambali pa atsopano, kuwaona akulakwitsa ndi kuwawongolera, iwo eni atatula kale katundu wolemera mayeso asanayandikire. Mukatero mwayankha kale theka la dandaulo la makolo. Pakhalenso kope limodzi la kalabu iliyonse, losungidwa ndi mlembi, momwe mulembedwe amene abwera, zimene zagwirizanidwa, mndandanda wa katundu, makalata amene analembedwa ndi mayankho ake, komanso zimene zinavuta pa chionetsero chapita. Kope lotere limaoneka ngati chinthu chachabechabe, koma ndi limene limasiyanitsa kalabu ya zaka 10 ndi kalabu imene imayambanso pansi chaka ndi chaka. Pa ndalama, msungichuma wa ophunzira alembe zolowa ndi zotuluka n'kumaziwerenga pamaso pa anzake kamodzi pamwezi, koma ndalama zenizenizo zisungidwe ku ofesi ya sukulu. Kumusenzetsa mwana ndalama za gulu m'thumba ndi kumuika pa mayesero amene ngakhale akuluakulu ena amagwa nawo.

Za chikho chenichenicho ndikuuzeni monga munthu amene wakhalapo patebulo la oweruza. Chikho chimayeza chionetsero chimodzi, cha tsiku limodzi, m'maso mwa anthu atatu kapena anayi amene atopa kale ndi masewero ena ambiri, ndipo nthawi zina woyamba ndi wachiwiri amasiyana ndi malikisi ochepa amene akanatha kugwera kwina. Chimanena zoona pa zinthu zina: kuti mawu anamveka mpaka kumbuyo kwa holo, kuti ochita sewero sanafulatire oonerera, kuti kwaya sinatsike mawu pofika ndime yachitatu, kuti nthawi inasungidwa. Sichinena kuti sewerolo analemba ndani, kuti ndi ana angati anapatsidwa mpata asanasankhidwe ochepa aja, kapena kuti mwana amene anaphonya mawu poyeserera anakalipiridwa motani. N'chifukwa chake chinthu chothandiza kwambiri chimene mungabwere nacho kumpikisano ndi pepala la ndemanga za oweruza. Lipempheni, muliwerenge pamodzi ndi ana, ndipo musadabwe kwaya yanu yomwe yakhala yachiwiri ikapindula nalo kuposa a zisudzo, pakuti wopambana samva msanga akamauzidwa polakwika.

Ndingakulangizeni kuti chaka chilichonse pazikhala zionetsero ziwiri zosiyana cholinga. China ndi cha mpikisano, chimene muzisankha odziwa ndi kuwanola mmene mungathere. Chinacho chikhale cha pasukulu pompo, chotsegukira aliyense wofuna, sewero lake lolembedwa ndi kutsogoleredwa ndi ophunzira, inu n'kumangobwera kamodzi pasabata kudzafunsa mafunso. Chidzakhala ndi zolakwika, ndipo mudzafunika kudzigwira kuti musalande ntchitoyo mukaona nkhani ikupita kutchire. Koma ndi pamenepo pamene mudzapeze mwana wachibwibwi amene akayamba kuimba chibwibwi chimatha, mwana woyenda panjinga ya olumala amene ali ndi khutu lomva kwaya ikasokoneza, ndi wina wosalankhulalankhula amene akhoza kusandutsa makatoni akale kukhala khomo la nyumba. Ana oterewa mpikisano suwaona, pamene kalabu singaime popanda iwo.

Pali chitsanzo cha ku Venezuela chimene chili ndi phunziro mbali zonse ziwiri. M'chaka cha 1975 José Antonio Abreu anayambitsa ntchito yophunzitsa ana zoimbaimba yotchedwa El Sistema, ndipo tsiku loyamba loyeserera, m'malo oimikamo magalimoto mumzinda wa Caracas, kunabwera achinyamata 11 okha. Ntchitoyo inakula mpaka kufikira ana zikwi mazanamazana, ndipo chimodzi mwa zimene zinaikulitsa ndi chakuti mwana amene wadziwako pang'ono amaphunzitsa mnzake amene wangoyamba. Gustavo Dudamel, amene mu 2009 anakhala wotsogolera gulu la oimba la Los Angeles Philharmonic, anakulira m'menemo. Komabe ofufuza ena amene anaiona pafupi analemba modandaula za maola ochuluka oyeserera ndi mwambo wokhwima umene supatsa ana mpata wonena zakukhosi. Ndatchula mbali yachiwiriyi dala, chifukwa gulu likhoza kuimba bwino kwambiri koma ana ake ali pa masitepe apansi a makwerero a Hart aja, ndipo oonerera sangazindikire.

Ntchito yothandiza anthu ndi imene ndimaiona ikusokonezeka kawirikawiri, ndipo choyamba kuisokoneza ndi kuifananitsa ndi chibalo. Ngati mwana wochedwa kusukulu amapatsidwa tsache, ndipo wa kalabu yothandiza anthu amapatsidwanso tsache lomwelo ndi mawu olamula omwewo, ana sangaone kusiyana, ndipo adzakula akudziwa kuti kutumikira ena ndi chilango. Musatumize mwana ku ntchito yachifundo chifukwa walakwa. Chachiwiri ndi ntchito ya tsiku limodzi yochitira kujambulitsa. Ndinapitapo ndi gulu lina la ophunzira kwa mayi wina wokalamba, titanyamula matsache ndi ndowa, popeza tinali titagwirizana tokha kusukulu kuti chosowa chake ndi kusesa. Tinapeza pabwalo posesedwa kale, chifukwa mayiyo atamva kuti kubwera alendo analawirira kudzivutitsa kuti tisapeze zinyalala. Ana anasesa pomwe panali posesa kale, tinajambulitsa, ndipo tikutsanzika mayiyo anatulutsa kakhadi kakuchipatala n'kupempha mtsikana mmodzi kuti amuwerengere tsiku lobwererako, chifukwa maso ake anali atasiya kuona zilembo. Tsikulo linali litadutsa. Ife tinabwera ndi ndowa, pamene iye ankasowa munthu womuwerengera kamodzi pasabata, ndipo cholakwa chinali changa chifukwa sindinaphunzitse anawo kuyamba afunsa.

Choncho ana asanasankhe ntchito, apite awiriawiri pamodzi ndi mphunzitsi kukamva kwa eni ake chimene akufuna, ndipo asankhe ntchito yaing'ono imene angaipitirize kwa nthawi yaitali. Dongosolo la mphotho ya achinyamata la Duke of Edinburgh's Award, limene linayamba ku Britain mu 1956 motsatira maganizo a mphunzitsi Kurt Hahn ndipo linafalikira m'mayiko ambiri, limafuna kuti wachinyamata atumikire mobwerezabwereza kwa miyezi yosachepera 3 pa gawo loyamba, 6 pa lachiwiri ndi 12 pa lachitatu, pafupifupi ola limodzi pasabata. Chimene amayeza pamenepo ndi kukhulupirika: kubwera sabata ino, kubweranso yamawa, ngakhale chidwi choyamba chitazirala. Nawo maphunziro a International Baccalaureate, ophunzitsidwa m'masukulu a m'mayiko ambiri, amafuna kuti wophunzira wa dipuloma achite zaluso, zolimbitsa thupi ndi zotumikira ena kwa miyezi 18, ndipo ngakhale sapereka malikisi pa gawo limeneli, amene sanalikwaniritse salandira dipuloma. Amafunanso kuti wophunzirayo azilingalira zimene wachita n'kuzifotokoza. Mungatengereko mfundo imeneyi popanda kuwononga ndalama: pobwera kuntchito khalani pansi ndi ana mphindi 15, aliyense anene chimene chamudabwitsa, chimene chamuvuta ndi chimene angasinthe. Ana akuluakulu owerenga ndi ana a sukulu ya pulayimale yapafupi ola limodzi Lachitatu lililonse kwa chaka chathunthu amasiya chinthu chooneka kuposa khamu limene latola zinyalala tsiku limodzi alendo akuonerera.

Pali malire amene simuyenera kuwalumpha. Pangano la United Nations la ufulu wa ana, limene linavomerezedwa pa 20 Novembala 1989, m'ndime 32 likuti mwana atetezedwe ku ntchito yoopsa kapena yosokoneza maphunziro ake, ndipo dzina loti ntchito yachifundo silichotsa chitetezo chimenechi. Ana asakwere madenga, asagwire zinyalala za kuchipatala, asalowe m'nyumba ya munthu ali okha, ndipo asapite kulikonse popanda chilolezo cholembedwa cha makolo ndi mphunzitsi wowaperekeza. Musalolenso kuti agwire ntchito imene inayenera kulipidwa munthu wina. Za zithunzi, munthu wothandizidwa afunsidwe kaye, ndipo akakana zithere pomwepo, chifukwa umphawi wa munthu si chokongoletsera tsamba la sukulu pa Facebook.

Gulu lanu la zisudzo likhoza kukhala mlatho pakati pa luso ndi utumiki. Katswiri wa zisudzo Augusto Boal wa ku Brazil, m'zaka za m'ma 1970, anakonza mtundu wa zisudzo umene ochita sewero amaonetsa vuto lodziwika kwa oonerera, nkhaniyo n'kutha moipa, kenaka n'kuibwereza, ndipo woonerera aliyense ali ndi ufulu woimitsa sewerolo, kulowa m'malo mwa wovutikayo ndi kuyesa njira yake. Ana amene atenga chikho akayesa zimenezi pa nkhani monga kuzunzana pakati pa ophunzira kapena kusiya sukulu, adzazindikira msanga kuti kuloweza mawu ndi kumvetsa nkhani ndi zinthu ziwiri, pakuti woonerera akalowa sanena zimene zili papepala.

Makolo muwayankhe zoona zokhazokha, ndipo mupewe kuwalonjeza kuti kuimba kapena zisudzo zidzakweza malikisi a masamu. Mphekesera yakuti nyimbo zimawonjezera nzeru inafala kwambiri pambuyo pa kafukufuku wina wa mu 1993, pamene ophunzira a kukoleji anachita bwino pang'ono pa mafunso a kaonekedwe ka zinthu atamvetsera nyimbo ya wopeka nyimbo wakale Mozart kwa mphindi 10. Kusinthako kunatha patangopita mphindi zochepa, koma nkhaniyo inakokomezedwa mpaka kufika poti makanda azimvetsera nyimbo kuti akhale anzeru. Bungwe la mayiko loona za chuma ndi chitukuko la OECD litaunika kafukufuku wambiri m'chaka cha 2013, linapeza umboni wolimba wakuti kuchita nkhani monga sewero m'kalasi kumalimbitsa luso la chiyankhulo ndi kumvetsa nkhani, koma pa zonena zina zambiri umboni unali wofooka. N'zoona kuti ana a m'makalabu kawirikawiri amakhoza bwino m'kalasi, koma mbali ina ya chifukwa chake ndi yakuti ana olimbikira kale ndi amene amakonda kulowa m'makalabu, ndipo kholo lanzeru likhoza kukugwirani pa mfundo imeneyi. Chimene munganene mosaopa ndi chimene maso aona: kuti mwana amene waima pamaso pa anthu 300 sanjenjemera akafunsidwa funso pofunsira ntchito, kuti mlembi wa kalabu walemba makalata enieni amene anayankhidwa, kuti msungichuma wadziwa kuti ndalama ya gulu imafotokozedwa mpaka yotsiriza. Pangano la ufulu wa ana lija, m'ndime 31, limati mwana ali ndi ufulu wopuma, wosewera ndi wotenga mbali m'zaluso, kotero zimenezi sizifunika kudzilungamitsa ndi malikisi a phunziro lina.

Komanso musapeputse dandaulo lawo, chifukwa nthawi zambiri lili ndi maziko. Mpikisano ukayandikira, ife aphunzitsi timatulutsa ana m'kalasi kukayeserera, timawasunga mpaka mdima, ndipo mwana mmodzi waluso timamupeza mu kwaya, mu zisudzo ndi mu mtsutso nthawi imodzi. Pitani kumsonkhanowo ndi malonjezo amene angathe kuonedwa ngati asungidwa: masiku ndi maola a makalabu alembedwe n'kuperekedwa kwa makolo, pasakhale kuyeserera nthawi ya phunziro, ana atuluke kudakali kowala, mwana mmodzi asakhale ndi udindo m'makalabu oposa awiri, ndipo masabata angapo mayeso asanayambe zonse ziime. Mwana amene malikisi ake akutsika musathamangire kumuchotsa m'kalabu, popeza kwa ana ena kalabuyo ndi chingwe chokhacho chowamangirira kusukulu. Muitaneni pamodzi ndi kholo lake ndi mphunzitsi wa kalasi, mumuchepetsere udindo kwa teremu imodzi, muone ngati zisintha. Ndipo funsani mwakachetechete ngati pali ana amene sanalowe m'kwaya chifukwa chosowa yunifolomu yake. Zovala za chionetsero zikakhala katundu wa kalabu, vuto limenelo limatha.

Lipoti lanu tsono lisayambe ndi chikho, ngakhale chikhocho chiyenera kukhalamo ndi ulemu wake wonse. Yambani ndi chiwerengero cha ophunzira amene ali m'makalabu poyerekeza ndi ophunzira onse a pasukulu, anyamata angati ndi atsikana angati, a makalasi ati, ndiponso ndi angati amene anayamba chaka n'kufika kumapeto osasiya. Pa ntchito yothandiza anthu musangolemba kuti ana anapita kangati. Lembani chimene anapemphedwa, chimene anachita, kwa miyezi ingati, ndi chimene eni ake ananena, popanda kutchula mayina a othandizidwa. Pa zisudzo ndi kwaya tchulani amene analemba sewero, amene anasoka zovala ndi amene ankakumbutsa mawu, pamodzi ndi amene anaonekera pa siteji, ndipo muikemo ndemanga imodzi ya oweruza yonena chimene chiyenera kukonzedwa. Muikemonso chimene chinalephereka, monga kalabu imene yafa chaka chino ndi chifukwa chake, pakuti makolo amakhulupirira msanga lipoti limene likuvomera polakwika. Ngati ziwerengero zina mulibe chifukwa makope aja sanalipo, nenani zomwezo ndipo mulonjeze kuti chaka chamawa zidzakhalapo.

Pemphaninso aphunzitsi aakulu kuti lipotilo musaliwerenge nokha lonse. Inu munene mawu oyamba ndi malonjezo a maola aja, popeza amenewo ndi udindo wanu, kenaka mukhale pansi, mlembi wa kalabu iliyonse aimirire awerenge gawo lake kuchokera m'kope lake. Ngati n'kotheka, gawo la zisudzo liwerengedwe ndi wophunzira wa kalasi yotsika amene walowa kumene m'komiti, chifukwa iye ndi amene adzakhalepo chaka chamawa makolo akadzafunsa kuti zimene zinalonjezedwa zafika pati.